Mwala wa Pamanda a Blackson Nkhuwa

Kodi munthu amene anadzaza mabuku ndi mawu, mpaka ana asukulu n'kumawaloweza pamtima, inu mungamulembere chiyani pa mwala wa pamanda ake? Taganizani kaye, pakuti funso limeneli ndi limene linagawanitsa ana a malemu Blackson Nkhuwa.

Linali Lolemba m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mainess, mwana woyamba wa malemuwo, anaima pabwalo la osema miyala pafupi ndi manda a Chingwere mu Lusaka, fumbi loyera likumutera m'nsidze. Pambali pake panali mlongo wake Victor, wogwira ntchito ya mu ofesi, amene ankakhala ku Kaunda Square. Mwala wa atate awo unali utasemedwa kale ngati buku lotsegula. Tsamba la kumanzere linali ndi dzina ndi zaka. La kumanja linali losalala, lopanda chilembo.

Victor anatulutsa foni, nakonza kukhosi, nawerenga m'Chinyanja chozama ngati mmene atate awo ankalankhulira.

"Mlembi wamkulu. Mlonda wa chinenero chathu. Mwana weniweni wa nthaka ino, amene sanaope kunena choonadi. Akukumbukani ana ndi adzukulu anu. Apa manje tizaika mazina yonse, kuyambila Thandi, muzukulu woyamba."

Moven, wosema miyala uja, anakanda m'mutu ndi chala chotuwa.

"Ni vambili ivi ba bosi, koma vizakwana, nizachepesako vilembo. Chabe munipase mau yosilizila pa Chinayi. Iyi si bolodi ya ku sukulu. Nikasema nasema, kulibe dasta."

"Ba sisi, mwamvela?" anafunsa Victor. "Vili che bwino, ai?"

"Namvela."

"Manje?"

"Nizakamba pa Chinayi."

Victor anabweza foni m'thumba mokwiya. "Chaka chonse muli che zii. Pa malilo simunalile, bantu banakamba. Na lelo muzaimilila che so? Kapena mufuna tikakuikeni ndimwe pamanda, tisavutike na kusema?"

Mainess sanaseke ndipo sanakwiye. Azakhali awo a ku Katete anali atagamula kale kuti mawu omaliza ndi a woyamba kubadwa, ndipo Victor ankadziwa zimenezo. M'mawa mwake Victor ankanyamuka kukatenga azakhaliwo, kuti adzafike Lachisanu madzulo. Mwambo wovundukula mwala unali Loweruka.

"Nizakuuzani chimozi," anatero Victor ali pakhomo la galimoto yake. "Bantu ba kunja banabataya ba tate. Imwe mukachosako olo liu imozi, ninshi muli nabo pamozi. Pa nyumba panu sinizapondapo futi."

Tsono kuti mumvetse, muyenera kudziwa kuti a Nkhuwa anali yani. Anali mphunzitsi wa ku Matero amene analemba mabuku a nthano m'Chinyanja, ndipo kwa zaka zambiri mabukuwo ankawerengedwa m'sukulu. Lotchuka koposa linali *Mchere wa Mnansi*. Linkasimba za mayi wamasiye amene anagawira mchere mlendo wotsika sitima wopanda m'bale aliyense m'tauni. Anthu amene lero ali ndi imvi amakumbukabe mmene kalasi yonse inkakhalira chete mphunzitsi akafika pa tsamba lomaliza.

Atapuma pa ntchito, akazi awo atamwalira, a Nkhuwa anayamba kulankhula pa wailesi ina Lamlungu lililonse masana. Poyamba ankangokonza chilankhulo cha anthu. "Si vinthu, ana inu, ndi zinthu!" Anthu ankaseka, nawakonda. Koma pang'onopang'ono anachoka pa mawu nafika pa anthu. Anayamba kunena za mabanja amene makolo awo anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, osabwereranso. Anawatcha anankafumbwe. Ankati alowa m'nkhokwe mwakachetechete ndipo akudya chimanga cha eni ake kuchokera m'kati. Ankati boma liwafunse ziphaso zawo, liwabweze kumene anachokera agogo awo.

Mwamuna wa Mainess, Rodgers Chikopa, anali mmodzi wa anthu amenewo. Agogo ake anachokera ku Mulanje wapansi, nakalamba pa mgodi wa ku Kabwe. Rodgers mwiniwake anabadwira ku Matero, ndipo dziko la Malawi ankangoliona pa mapu. Ankawotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa msewu ku Mtendere.

Liwu lija linayenda mofulumira kuposa mabuku onse. Thandi, mwana wa Mainess ndi Rodgers, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anapeza desiki yake kusukulu itawazidwa mankhwala oyera otetezera chimanga. Anzake anabisala kuseri kwa chitseko, akuseka. Tsiku lina anyamata oledzera anagubuduza mabenchi a amayi ena pamsika akufuula liwu lomwelo, ndipo mayi wina wokalamba wogulitsa nyemba, a Magdalene, anagwa nathyoka chiuno. Sanayendenso kufikira imfa yawo.

Pamenepo mphepo inatembenuka. Wailesi inawachotsa. Sukulu zinasiya mabuku awo chimodzichimodzi. Ku tchalitchi cha ku Matero, chipinda chowerengeramo chimene chinali ndi dzina lawo anachipaka utoto watsopano. Ena, makamaka amene ankaimba foni pa pologalamu ija, anati mkuluyo walangidwa chifukwa cha choonadi. A Nkhuwa eni ake sanabweze liwu ndi limodzi lomwe.

Atagwidwa ndi matenda ofa ziwalo, kwa Victor kunapezeka kuti kulibe chipinda. Anabwera ku Mtendere. Rodgers anawawotcherera chitsulo choyendera, ndipo ndiye ankawanyamula kupita nawo kubafa m'mawa uliwonse. Tsiku lina Mainess akudutsa ndi thawulo anamva atate ake akunena ndi lilime lolemera:

"Iwe Rodgers ndiwe munthu wabwino. Koma nankafumbwe mmodzi wabwino sapulumutsa nkhokwe."

Rodgers anangoti, "Kwezani kwanja, ba tate," napitiriza kuwapaka sopo.

Kuyambira tsiku limenelo china chake chinazima mwa Mainess. Ankaphika, ankachapa, ankawadyetsa phala ndi supuni. Atamwalira anawatseka maso ndi dzanja lake. Koma mumtima munali ngati mwendo umene wakhalira nthawi yaitali: ukautsina, sumva kanthu.

Madzulo a Lolemba lomwelo Mainess anakhala pakhonde akudula repu. Rodgers ankasamba m'manja pa mpope. Thandi, amene tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndipo ankaphunzira unamwino, anatuluka m'nyumba foni ili m'manja. Msuweni wake anali atamutumizira mawu a Victor aja.

"Ba mami, ivi ni vazoona?"

"Ni vamene bafuna ba malume bako."

"Sanaope kunena choonadi. Choonadi chiti? Chakuti ine ndine nankafumbwe, kadoyo ka mu milisi?" Mawu ake sanakwere. "Elo pansi pake zina yanga. Monga nasaina."

"Thandi," anatero Rodgers, "ni ambuya bako baja."

"Ba dadi, imwe osakambako. Munali kubasambika daily, benze kukuitanani chani?"

"Ine nenze kusambika batate ba amai bako. Vinangu sinenze kumvela, manzi yenze kupanga chongo."

"Mwaona? Ndiye vamene ivi. Nyumba ino yonse ni ya manzi yopanga chongo." Anatembenukira kwa amayi ake. "Ba mami, nikambe kamozi che. Zina yanga ikapezeka pa mwala paja pansi pa mau aya, nizayenda kwa ba anti ku Kabwe. Banakamba kudala ati malo yaliko. Elo simuzanionapo futi pano."

"Abusa bazaitana muzukulu woyamba kuti achose nsalu," anatero Mainess, maso ali pa mpeni.

"Baitane nankafumbwe? Bazachedwa."

Analowa m'nyumba. Rodgers anapukuta manja m'buluku, nakhala pa njerwa pafupi ndi mkazi wake.

"Mwana akamba zoona, amake Thandi. Azayenda."

"Niziba."

"Na Victor naye akamba zoona. Chibale ni fupa, koma uja angaiphwanye."

"Niziba."

"Manje imwe mufuna chani?"

Mainess anayang'ana ndiwo zimene anadula. Zinali zitachuluka kuposa za anthu atatu. "Kufuna kwamene ndiye nilibe," anatero.

Lachitatu anapita kumsika monga mwa masiku onse, nayala salaula wake, zovala zovalidwapo kale zimene ankagulitsa. Benchi yoyandikana nayo inali ya a Chilekwa, mayi wa Chibemba wogulitsa kapenta ndi nsomba zouma, wakamwa losatopa. Awiriwa anakulira limodzi ku Matero.

Pali mwambo umene aliyense mu Lusaka amaudziwa, wotchedwa chimbuya. Abemba ndi anthu a kum'mawa ndi asuweni a nthabwala. Wa kum'mawa akamwalira, Abemba amabwera kudzaphika ndi kudzathandiza, koma amabweranso ndi ufa kapena paudala. Amapaka ofedwa kumutu ndi kumaso, amatukwana wakufayo mwanthabwala, amamutcha wakudya mbewa, mpaka olira aseke misozi ili m'masaya. Palibe amene amaloledwa kukwiya. Pa maliro a amayi ake a Mainess, a Chilekwa anathira ufa pa suti yakuda ya a Nkhuwa, nawaveka mkanda wa mbewa zouma m'khosi, ndipo mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

Pa maliro a a Nkhuwa eni ake, a Chilekwa anabwera, anaphika, anatsuka mapoto, nabwerera kwawo manja ali oyera. Abemba onse anapereka moni mwaulemu. Palibe mutu umene unayera. Alendo anati anali maliro aulemu, koma a mu Matero anadziwa tanthauzo lake.

Kasitomala atachoka, Mainess anafunsa funso limene analisunga chaka chonse.

"Ba Chilekwa, pa malilo ya ba tate simunabwele na paudala. Chifukwa?"

A Chilekwa anasiya kuunjika kapenta. "Lelo ndiye wafunsa? Paudala nenze nayo mu chola. Koma chimbuya ni cha bantu bamene bakondana, mwandi. Muntu wamene wakalipa naye zoona sungamuseke. Ba Magdalene benze apa, pa benchi iyi yamene uyikapo ma jinzi yogulisa. Nine ninabanyamula."

"Nikumbuka."

"Elo chamene chinanibaba maningi ni chija chamene benze kukamba ba Victor pa malilo. Ati ngwazi, ati muneneli. Awe mukwai. Muneneli samasekewa. Ninabweza paudala yanga ku nyumba, nasebenzesa pa bazukulu."

Anathamangitsa ntchentche ndi katoni, kenaka anatsitsa mawu.

"Koma osauza muntu. Buku ija ya muchele nikali nayo. Ine Chinyanja ninapunzilila mwamene muja. Nikaibelenga nimalila monga chipuba, nikasiliza naibisa pansi pa matilesi monga ni chamba. Muntu umozi, Mainess! Kwanja kulemba vija, kamwa kukamba vija. Ine vinanikanga."

"Manje pa mwala nilembe chani?"

"Iye! Osanifunsa ine. Ni batate bako. Banga banafa na mbili imozi che, ya kachasu, sitinavutike."

Lachinayi Mainess anakwera minibasi yopita m'tauni, nakwera ina ya ku Matero. Anakhala pafupi ndi zenera. Panjira anayesa kukumbukira atate ake mwachikondi. Anawaona atakhala pa tebulo ndi taipi yawo yakale, iye ali kamtsikana atakhala pansi, akumuwerengera tsamba limene angomaliza ndi kumufunsa ngati lakoma. Chithunzicho chinabwera bwinobwino, koma sichinamufunditse. Ndiye anayesa kukwiya. Anakumbukira Thandi akubwera kusukulu yunifolomu itayera mankhwala, akununkha ngati thumba la chimanga. Nachonso chinabwera, nichidutsa ngati nyumba za m'mbali mwa msewu.

Pamene minibasi inkadutsa pa tchalitchi chija cha utoto watsopano, anazindikira kuti chikondi sakuchipeza ndipo mkwiyo sakuupeza. Chimene chinatsala m'manja mwake ndi zimene zinachitika basi. Zimenezo akanatha kuzinena pamaso pa Victor, pamaso pa Thandi, ngakhale pamaso pa ana a a Magdalene, popanda wina womutsutsa.

Atafika pabwalo la osema miyala, anamuuza Moven mawuwo pakamwa. Mnyamata wamkuluyo anadikira ena, koma sanabwere.

"Ivi che, ba mayo?"

"Ivo che."

"Mazina ya bazukulu?"

"Osaika."

"Ba Victor baziba?"

"Woyamba kubadwa ni ndani?"

"Ni imwe." Moven anayang'ana tsamba losalala lija. "Malo yazasala yambili. Niikeko ka nkunda olo ka maluba?"

"Yasale."

Lachisanu mwala unaimikidwa pamanda, nukutidwa ndi nsalu yoyera yomangidwa ndi chingwe, pakuti mwambo sulola kuti uonedwe tsiku lisanafike. Victor anafika ndi azakhali dzuwa litalowa. Anaimba foni kufunsa ngati zonse zili bwino, ndipo Mainess anati mwala waima. Kunyumba Thandi anali atalongedza kale chikwama chachikulu.

"Ba mami, munalemba chani?"

"Bwela mailo uzazionele."

"Simunganiuze che?"

"Nikakuuza uzakamba ati nikunyengelela. Ubwele na chola yako. Mabasi ya ku Kabwe siyasila."

Loweruka anthu sanachuluke. Panali azakhali awiri a ku Katete, amayi a chigwirizano m'mayunifolomu awo, anansi ochepa a ku Mtendere, ndi madoda angapo okalamba ovala majekete, ena atagwira mabuku ong'ambika zikuto. Panalinso kagulu ka amene ankaimba foni pa wailesi paja, ataima kumbali ya Victor. A Chilekwa anakhala kumbuyo ndi Abemba anzawo, chola chili pamwendo. Rodgers anaima pafupi ndi mkazi wake, atavala jekete imene anakwatira nayo. Thandi anaima patali, pansi pa mtengo wa m'mbali mwa njira, chikwama chili paphewa.

Anaimba nyimbo ziwiri. Abusa analalikira mwachidule za udzu umene umafota, osatchula mabuku kapena wailesi. Kenaka anati, "Tipempha mdzukulu woyamba abwere adzachotse nsalu."

Panalibe amene anasuntha. Mphepo inakweza fumbi pakati pa manda. Victor anayang'ana mlongo wake, nayamba kukankhira mwana wake wamwamuna kutsogolo. Mainess sanatembenuke kuyang'ana kumtengo kuja. Anangomva nsapato zikubwera pa miyala, pang'onopang'ono.

Thandi anafika ndi chikwama chake. Sanakoke nsaluyo nthawi yomweyo. Anagwada, namasula chingwe, nakweza ngodya imodzi, nasuzumira m'kati yekha ngati munthu wofuna kuona chilonda asanachotse bandeji. Anakhala choncho kanthawi. Kenaka anatsitsa chikwama pansi, naimirira, nakoka nsalu yonse.

Amayi a chigwirizano anayamba nthungululu, koma inathera panjira. Amene ankadziwa kuwerenga anamaliza msanga, nayang'anana.

Victor anayandikira. Anawerenga, nazungulira kumbuyo kwa mwala ngati kuti mawu ena abisala kumeneko.

"Vinangu vili kuti? Ba sisi! Vinangu vili kuti?"

"Ni vamene ivo."

"Ichi ni chani? Mwabashika mu manda kabili ba tate! Muntu wamene ziko yonse inamuziba, mwamulembela monga lisiti ya mu shopu?"

"Pali boza?" anafunsa Mainess. Mawu ake anali ngati a munthu wofunsa mtengo wa tomato. "Ngati pali boza, nionese, tizaphwanya."

Victor anayang'ana kwa anzake aja. Mmodzi wa iwo anayang'ana pansi. Dodo wina wa buku long'ambika anavula chipewa, nanena yekha, "Bodza palibe."

Pamenepo ndi pamene kumbuyo kunamveka mawu a a Chilekwa.

"Patukeni, patukeni, ba kadya mbeba! Manje uyu namuziba. Uyu ni muntu che, si muneneli. Uyu ningamukwanise!"

Anadutsa pakati pa anthu botolo la paudala lili m'manja, naima pamutu pa manda, dzanja lina m'chiuno.

"Iwe Blackson! Wenze na kamwa monga sipika ya pa bala. Kamba manje tikumvele! Wagona zii? Uko kwamene wayenda ba Nyasalande baliko bambili, ba Magdalene ndiye bali pa geti. Bakufunsa chitupa? Wabaonesa? Olo bakubweza, ndiye chifukwa mvula ichedwa?"

Mmodzi wa azakhali anaphulika kuseka, nadzitseka pakamwa ndi chitenje. Amayi a chigwirizano anatsatira. Ngakhale abusa anayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera. A Chilekwa anawaza paudala pa mwala, kenaka anatembenukira Victor namukhuthulira pamutu ndi pa suti. Abemba anzawo anadzuka ndi ufa m'mapepala, nagwira azakhali, nagwira madoda a majekete.

Victor anaima atayera ngati chipupa. Pa chimbuya munthu sakwiya, ndipo iye anadziwa kuti onse akumuyang'ana. Anapukuta m'maso, nayandikira mlongo wake.

"Ninakamba," anatero motsitsa. "Ba anti ba ku Katete muzabapeleka mweka ku siteshoni."

Anagwira mwana wake padzanja, napita ku galimoto. Anzake awiri anamutsatira. Mainess anayang'ana fumbi la galimotoyo mpaka linatha. Anadikira kuti mumtima mupweteke. Munangoti zii, monga kale.

A Chilekwa anafika pa Rodgers. "Iwe mukamwini wa ba kadya mbeba, unasambika ichi chimudala chaka chonse, lelo nikusambike ndiwe." Anamuthira, iye akuseka ndi kuphimba jekete yake. Kenaka anafika pa Thandi, dzanja lili m'mwamba, naima. Mtsikanayo anali atabwerera m'mbuyo, maso ali pa ufa woyerawo, mapewa atauma. A Chilekwa ankadziwa za desiki ija. Anatsitsa dzanja.

"Iyi ni ya bana, mwana wanga. Inunkila che bwino. Koma ngati siufuna, nizapita."

Thandi anayang'ana mwala, nayang'ana amayi ake. Kenaka anaweramitsa mutu.

"Pang'ono che, ba Chilekwa. Tsitsi niluka mailo."

"Pang'ono? Muzukulu wa Blackson? Iwe uzalipila vonse!"

Womaliza anali Mainess. Paudala inamulowa m'maso, ndipo madzi anayamba kutsika m'masaya, akusiya mizere iwiri pa nkhope yoyera. Amayi a chigwirizano anagwedeza mitu. "Walila manje," ananong'onezana, "chamasuka." Mainess anadziwa kuti ndi paudala chabe, koma sanawatsutse. Anamva dzanja likumupukuta ndi nsonga ya nsalu yoyera ija. Linali la Thandi. Chikwama chinali chikadali pansi pomwe anachisiya, ndipo Rodgers anachitola, nachikoleka paphewa pake.

Anthu atayamba kubalalika, azakhali aakulu, amene maso awo anali atachita khungu, anakoka mtsikanayo pa mkono.

"Iwe mdzukulu, anthu akangana, ena aseka, ine sindinaone kanthu. Tandiwerengera. Mlongo wanga amulembera zotani?"

Thandi anali asanatchule dzina la agogo ake kwa zaka zambiri. Anagwada, napukuta paudala pa mwala ndi chikhatho. Anawerenga tsamba la kumanzere, dzina lonse ndi zaka. Kenaka anasunthira ku tsamba la kumanja, pamene panali mizere iwiri yokha pamwamba, pansi pake mwala wosalala. Mizereyo inati:

Analemba mabuku.
Analankhulanso pa wailesi.